Zija za mnzathu woiwala kutuluka mu QuickBooks zatheka

Sabata yatha ndinafunsa ngati admin (woyang'anira fayilo) angathe kutulutsa munthu mu QuickBooks Desktop, pulogalamu yosungira maakaunti a bizinesi, popanda kupita pa kompyuta yake. Paja ndinati kalaliki wathu wa kusitolo anaweruka Lachisanu, fayilo ili chitsegulire, ofesi wakhoma, kiyi m'thumba, ulendo wa ku maliro ku Lizulu. Ine pano pa Dedza boma ndinkafuna single-user mode (pamene mu fayilo mumakhala munthu mmodzi yekha) kuti ndikonze fayilo, tsiku la 25 la VAT ya MRA lili pakhomo.

Zikomo achimwene amene munandilozera ku QuickBooks Messenger, kotumizirana mauthenga mu QuickBooks momwemo. Ndalowa ngati admin, pa Company ndasankha Chat with a Coworker, kenako Actions, Close Company File for Users. Ndachonga dzina la kalaliki uja, watuluka.

Koma pali kabokosi kotseka fayilo ngakhale munthuyo ali ndi zomwe sanasunge. Ndinakachonga mwaphuma, invoisi ya matumba 40 a feteleza imene anaisiya pakati yapita, Lolemba walembanso kuchokera m'buku la malisiti, nkhope ili gwa. Ndiye muziyamba mwamuimbira foni.

Abwana akuti ndigawireko wina pasiwedi ya admin. Ndakana kaye.