Kodi kamakina kamagetsi kamaletsadi zilonda za m'matako kwa wovulala msana?

NaBanda, Rosettenville: Abale anga a muno, thandizeni. Achimwene anga anavulala msana pa T10 (fupa la msana la chakumunsi kwa chifuwa), miyendo siyigwira, amatandala pa wilitcheya. Ndamva zoti pali kamakina kogwedeza minofu ya m'matako kuti zilonda zisayambe. Kodi ndi ka TENS kaja ka ku pharmacy?

Phiri, Tembisa: Ayi chemwali, TENS ndi yochepetsa ululu. Mukufunayo ndi NMES, yomwe imakungitsa mnofu weniweniwo. Chilonda chimayamba chifukwa fupa lokhalira limapanikiza mnofu, magazi osayenda, mnofu nkuyamba kufera mkati khungu likuonekabe bwinobwino. Mnofu ukakungika, kulemera kumasuntha pang'ono ndipo magazi amalowanso. Timapadi tolowetsa magetsi a kamakinako timamatidwa tiwiri thako lililonse, pamnofu, osati pafupa. Kabudula wa Smart-e-Pants, wokhala ndi timapadi totere, amene anapangidwa ku University of Alberta amakungitsa mnofu masekondi 10 pa mphindi 10 zilizonse. Koma physio (dokotala wa mafizo) ayambe wayesa: ngati inaonongeka ndi mitsempha ya kumunsi, cha pa L1 (fupa loyamba la msana wa m'chiuno) kutsika, mnofu suyankha ngakhale mukweze mphamvu bwanji.

NaBanda: Zikomo a Phiri. Nanga poti iwo samva kanthu, ndidziwa bwanji kuti mphamvu yakwana?

Phiri: Ndi maso ndi dzanja lanu. Kwezani pang'onopang'ono mpaka muone thako likukungika, lekerani pomwepo. Kapadi kouma kapena komatuka m'mbali kamaotcha, iwo osadziwa. Osamata pakhungu losupuka, ndiponso osayesa ngati mwendo watupa nkumatentha, mwina magazi aundana.

Mai Mwale, Soweto: Chonde mwana wanga, kamakinako kasakupatseni ulesi. Pa wilitcheya aziweramira kutsogolo mphindi 2 theka la ola lililonse, pabedi muziwatembenuza maola 2 aliwonse. Kushoni ikhale yampweya kapena ya gel. Ija yoboola pakati ngati nkhata itayeni, imatsekereza magazi m'mbali. M'mawa ndi madzulo yang'anani matako, kamchira, m'chiuno ndi zidendene. Pakhungu lathu lakudali musadikire kufiira: pamada kuposa pena, pamatentha, kapena pamalimba mukakhudza. Mukapeza potero asakhalirepo mpaka patabwerera, ndipo musapasisite.

Gondwe, Hillbrow: Kwa ena amene mukuwerenga: wovulala pa T6 (fupa la msana la pakati pa chifuwa) kupita m'mwamba, magetsiwa angathe kukweza BP mwadzidzidzi. Mutu ukayamba kugunda, thukuta kumaso, mphuno kutsekeka, zimitsani, mukhazikeni tsonga, masulani zothina, onani ngati paipi ya mkodzo yapindika. Zikapanda kutsika, chipatala msanga. NaBanda, pa tsiku la kiliniki tengani kamakinako physio akakuikireni manambala yekha.