Kodi zidole zokopera nkhukundembo zam'tchire n'zoyenera kuzigula?

Wofunsa wa ku Indiana:
Moni nonse akuluakulu, abambo ndi amayi. Chaka chino ndikufuna kuyamba kusaka nkhukundembo zam'tchire kuno ku America m'nyengo imene imatsegulidwa kumapeto kwa Epulo. Maphunziro a chitetezo cha alenje ndamaliza, mfuti ya chifefe andibwereka anzanga akuntchito, ndipo kabokosi kamatabwa kamene kamalira ngati thadzi ndagula kale. Chimene chandiimitsa mutu ndi zidole zija zooneka ngati nkhukundembo, zimene m'masitolo amazitcha decoy. Zasiponji zopindika zikupezeka pamtengo wa madola 20 kapena chapomwepo, koma za makampani a Avian-X ndi Dave Smith Decoys, zimene nthenga zake zimaoneka ngati zenizeni, chimodzi chokha chikuyandikira madola 100 kapena kupitirira apo. Ndidzasaka m'nkhalango ya boma ya Hoosier National Forest, ndipo masiku ena pamunda wa chimanga wa mlimi amene watipatsa chilolezo. Kodi ndalama imeneyi ndiitulutse, kapena ndiisunge?

Bambo a ku Missouri:
Achimwene, ngati kusaka kwanu kwambiri kudzachitikira m'nkhalango, ndalamayo isungeni, ndipo chifukwa chake chili m'khalidwe la mbalameyi. Mwachibadwa tambala sapita kwa thadzi ayi. Amagona mumtengo, kukamacha amayamba kulira ali pomwepo, akatsika amafufumitsa nthenga, kutambasula za kumchira ndi kukokera mapiko pansi, ndipo thadzi ndilo limayenda kukamupeza. Ife alenje tikamalira ngati thadzi timakhala tikumunyengerera kuti achite zosemphana ndi chibadwa chake, ndipo chimene chimamukoka n'chakuti akumva mawu koma mwini mawuwo sakumuona. Tsopano mukamuikira chidole poonekera, iye amachiona akadali pamtunda wa mayadi 70 kapena 80, n'kuima pomwepo, n'kuyamba kudzionetsera podikira kuti thadzilo libwere monga mwa masiku onse. Chifefe chimapha bwino mkati mwa mayadi 40, ndiye inu mumangomuyang'ana mpaka atatopa n'kubwerera kumene wachokera.

M'mapiri a Ozark kuno ine ndimakhala pansi kuseri kwa kamtunda, pamalo oti tambala akangotulutsa mutu kuti aone thadzi limene likuliralo, akhale atalowa kale pamene mfuti ikufika. Pamenepo chidole chilibe ntchito, ndiponso ndi katundu wolemetsa kwa munthu amene ayenera kusamuka msanga tambala akalirira chigwa china. Kum'mwera kwa Indiana nakonso n'kwa zitunda ndi mitengo yothithikana. Nthawi yanu ithere pophunzira kuliza kabokosiko, makamaka kudziwa nthawi yoyenera kukhala chete.

Mayi a ku Texas:
Zimene anena bambo a ku Missouri n'zoona m'nkhalango, koma tisaiwale kuti achimwenewa atchulanso munda. Kuno timasaka mtundu wa Rio Grande m'malo a patetete pamene mbalame imaona kutali, ndipo pamalo otero nkhani imatembenuka. Tambala akatulukira m'mphepete mwa munda atamva thadzi likulira, n'kupeza kuti munda wonse uli mbee popanda mbalame ina iliyonse, amazindikira kuti pali chachilendo, ndipo popeza maso a nkhukundembo ndi akuthwa kwambiri, amayamba kuunguza chitsamba chilichonse mpaka atakuonani. Chidole chimamupatsa choyang'ana, maso ake n'kuchoka pa inu.

Vuto loima patali lija limachepa mukaika zidole ziwiri, cha thadzi ndi cha tambala wamng'ono wa chaka chimodzi, amene alenje amamutcha jake. Tambala wamkulu angathe kudikira thadzi, koma sapirira kuona kamnyamata kataima pafupi ndi thadzi m'dera lake. Zili ngati tambala wa pakhomo kumudzi akaona chithunzi chake pagalasi, amaiwala zonse n'kufuna ndewu basi. Ndinaonapo wina akudutsa munda wonse chothamanga, mutu wake ukusintha kuchoka kofiira n'kuyamba kuyera, ndipo atafika anazungulira chidolecho, n'kuchikankha ndi chifuwa, kenako kuchimenya ndi phiko mpaka chinapendekeka pakamtengo kake. Ndinali m'kahema kobisalamo pafupi kwambiri moti ndinkamva nsonga za mapiko ake zikukhwekhwereza m'udzu wouma. Ine ndimasaka ndi uta, ndipo kwa munthu wa uta chidole n'chofunika zedi, chifukwa mbalame iyenera kufika pafupi ndi kutanganidwa kuti mupeze mpata wokoka chingwe. Chidole cha jake muzichiyang'anitsa kwa inu, pakuti tambala amafuna kuyang'anizana ndi mdani wake, motero amakufulatirani ndipo nthenga za kumchira zimamutchinga kuti asakuoneni.

Wofunsa wa ku Indiana:
Zikomo kwambiri mayi. Nanga chidole chachikulu chija cha tambala wofufuma, cha mchira wotambasuka, si ndicho chingamupse mtima koposa?

Mayi a ku Texas:
Chimenecho musayambe nacho achimwene. Chimakopadi tambala wolamulira dera, koma atambala ambiri a zaka ziwiri amakhala atamenyedwapo kale ndi akuluakulu awo, ndipo akachiona amapatuka mwakachetechete osalira n'komwe. Jake wooneka wofooka ndiye amene tambala aliyense amadziona kuti angamugonjetse.

Achimwene a ku Pennsylvania:
Nkhawa yanga ine siili pa mbalame koma pa anthu, chifukwa chidole chimakopa zonse ziwiri. M'nkhalango ya boma simudziwa amene ali kuseri kwa chitunda. M'nyengo imeneyi chololedwa kuombera ndi nkhukundembo ya ndevu zolendewera pachifuwa, ndipo chidole cha jake chili ndi ndevu ndi mutu wofiira, choncho pamene chikuoneka chenicheni kwa mbalame chimaonekanso chenicheni kwa mlenje wopupuluma amene wamva kulira kwanu n'kumabwera mozemba. N'chifukwa chake pamaphunziro aja anakuuzani kuti musavale chofiira, choyera kapena chabuluu, yomwe ndi mitundu ya mutu wa tambala. Kuno ku Pennsylvania lamulo la nyengo imeneyi limafuna kuti mlenje aitane nkhukundembo osati kuizemberera, koma si onse amene amamvera.

Ngati mugula, chonde chitani izi. Tsamirani mtengo waukulu kuposa mapewa anu, ndipo ikani chidole pamalo oti muzitha kuona patali kuseri kwake, kuti munthu wobwera kuchokera kumeneko mumuone asanaloze mfuti. Mukamuona mulankhuleni mokweza ndi mawu a munthu, osamukodola ndi dzanja kapena kuliza kabokosi. Poyenda, chidole chonse chikhale m'thumba, mutu osatulukira, ndipo pathumbapo mumangirirepo nsalu ya olenji. Mchitidwe wokwawa pansi utadzitchinga ndi mchira wa tambala, umene ukuoneka kwambiri pa YouTube, musauyese n'komwe, ndipo zigawo zina zinauletsa.

Bambo a ku Alabama:
Ndiloleni ndiwonjezere mbali imene sinatchulidwe. Mbalamezi zinatsala pang'ono kutha m'zaka za m'ma 1930 chifukwa cha kudula nkhalango ndi kusaka kopanda malire. Zinabwerera chifukwa akatswiri a zanyama ankagwira zam'tchire ndi maukonde oponyedwa ndi timizinga n'kukazimasula m'madera amene zinatheratu, ntchito imene bungwe la National Wild Turkey Federation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, linaithandiza kwambiri. Zinachuluka kufika mamiliyoni angapo, koma m'zaka zaposachedwapa chiwerengero chatsikanso m'zigawo zambiri za kum'mwera chakum'mawa kuno.

Ku Alabama mu 2022 kunayamba kugwira ntchito lamulo loletsa zidole m'masiku khumi oyambirira a nyengo yosaka. Maganizo ake ndi akuti chidole chimaphetsa mosavuta tambala wolamulira uja pa nthawi imene mathadzi ambiri asanakwatidwe, ndipo akachoka iye kuswana kungasokonezeke. Kwa ine lamulo limeneli likuyankha funso loyamba lija, chifukwa boma silikanaletsa chinthu chimene sichigwira ntchito. Koma likutifunsanso ngati kupha msanga ndiko kumene tikufuna. Ine ndimasiya zidole kunyumba ngakhale masiku oletsedwawo atatha, ndipo sindinyoza amene amazinyamula. Achimwene a ku Indiana, musanalipire chilichonse werengani kabuku ka malamulo ka chigawo chanu ka chaka chino, popeza malamulo amasiyana ndipo amasintha. Kugwiritsa ntchito nkhukundembo yamoyo ngati nyambo n'koletsedwa, ndipo zidole zoyenda ndi magetsi nazonso zigawo zina sizizilola.

Bambo a ku Missouri:
Pa za munda ndikuvomereza mayi, ndipo ndiwonjezere kuti munthu wotenga mwana kokasaka amathandizika ndi chidole, chifukwa mwana sakhala duu nthawi yaitali. Koma pa nkhani ya mtengo wa zidolezi ndili ndi mawu. Munthu woyamba kumene, amene ngakhale mfuti ndi yobwereka, asawononge madola 200 pa zidole ziwiri asanadziwe ngati ntchitoyi aikonda. Ndalama imeneyo ikanagula kampando kabwino kokhalira pansi, chophimba kumaso, magolovesi ndi zipolopolo zokayesera papepala kuti adziwe mmene chifefecho chimamwazira pa mayadi 30 ndi 40. Nkhukundembo zambiri zaphedwapo pa zidole zasiponji kalekale zodulazi zisanabwere.

Mayi a ku Texas:
Zaphedwapodi bambo, sindikutsutsa. Komabe zasiponji zimachita makwinya zikakhalitsa m'thumba, zina zimanyezimira dzuwa likakwera, ndipo mphepo ikawomba zimazungulira pakamtengo mwa njira imene mbalame yamoyo siingachite. Kumapeto kwa nyengo, atambala ataona kale zidole zambiri, zoterezi zimawathawitsa. Chidole cholimba chosamalidwa bwino chimakhala zaka zambiri, choncho mtengo wake ukagawidwa pa zakazo si waukulu monga ukuonekera lero. Ngati n'chasiponji chimene angakwanitse, achitulutse m'thumba usiku kuti chiwongoke, ndipo azike timitengo tiwiri mbali ndi mbali ya mchira kuti chizigwedezeka pang'ono osazungulira.

Wofunsa wa ku Indiana:
Ndathokoza kwambiri nonse. Mmene ndamvera, m'nkhalango ya Hoosier ndidzalowa popanda chidole, ndipo cha jake sindidzachiika pamalo a boma. Za kumunda ndigula thadzi limodzi lolimba chaka chino, jake ndidzamuganizira nyengo ikubwerayo ndikaona mmene atambala a kumeneko akuchitira. Ndalama yotsala ipita ku zipolopolo zoyesera monga anenera bambo a ku Missouri.

Achimwene a ku Pennsylvania:
Mwaganiza bwino. Mufunsenso mlimiyo ngati pali anthu ena amene anawapatsa chilolezo pamunda womwewo, ndipo mugwirizane nawo masiku ndi mbali imene aliyense adzakhale, chifukwa ngakhale chidole cha thadzi chingasokoneze munthu kukadali mbuu.