Kodi wokana kugwirizana ndi timu pa gemu azilangidwa?

Kadzidzi:
Abale, ndithandizeni maganizo, chifukwa usiku wathawu ndagona mtima ukuwawa. Timasewera Dota 2, gemu ya nkhondo ya pakompyuta, asanu mbali ino, asanu mbali inayo. Tinali titalimbana kwa mphindi 50, nsanja zawo zapakati titagwetsa zonse. Anayife tinasonkhana kwa Roshan, chilombo chachikulu chomwe timu ikachipha imapeza mphamvu, kuti tikamupha tikamalize nkhondo. Wachisanu, yemwe tinkamusiyira golide kuyambira pachiyambi kuti akule mphamvu, anali yekhayekha kunkhalango n'kumapha tizilombo. Ndinamuitana pa maiki katatu. Ndinadina pa mapu mpaka chala kuwawa. Iye zii. Adani anatipeza tili anayi, n'kutipha tonse, gemu n'kuthera pomwepo.

Sanatukwane munthu, sanatuluke, sanadziphetse dala. Ndiye ndikamuneneza ndinena kuti walakwa chiyani? Komatu watidyera pafupifupi ola lathunthu anthu anayi. Kwa ine, wolowa gemu ya timu walonjeza anzake kuti akhala nawo limodzi, ndipo wophwanya lonjezolo ayenera kumvako kuwawa. Kodi ndikulakwitsa?

Mbalule:
Pepani achimwene, zimawawadi. Koma chilango chimayenda bwino pa zinthu zimene kompyuta ingathe kuwerenga. Mu Dota momwemo, ukachoka kupitirira mphindi 5 amati wathawa, ndipo ukazolowera amakuponya ku low priority, gulu la olangidwa, komwe sutuluka mpaka utawina magemu angapo a Single Draft, momwe umasankha msilikali wako pa atatu okha amene wapatsidwa. Ku gemu ina ya Counter-Strike wothawa amamutsekera mphindi 30, akabwereza maola 2, kenako maola 24, kenako masiku 7. Pamenepo palibe mkangano, munthu analipo kapena panalibe.

Nanga "sanabwere kwa Roshan" mungakuyeze ndi chiyani? Mwina anali atatsala pang'ono kugula Black King Bar, chida chodzitetezera ku matsenga a adani. Mwina anaona kuti nkhondoyo muluza ngakhale atabwera. Anthu anayi akhoza kugwirizana pa chinthu cholakwika, mmodziyo n'kukhala kuti ndiye waona bwino.

Nyenyezi:
Ine nkhaniyi imandikhudza kwina. Ndimasewera maiki nditatseka, ndipo mawu a anzanga ndimawazimitsanso, chifukwa akangomva kuti ndine mkazi gemu imasanduka bwalo la zachipongwe. Mukati wosayankha alangidwe, woyamba kulangidwa ndine. Wachiwiri ndi wophunzira kumene. Ndikuyamba, pa gemu ina ya pafoni, ndinafa ka 11 m'masewero amodzi. Manja ankachita kunjenjemera, ndikuyesetsa ndi mtima wonse, koma anzanga onse anayi anandineneza kuti ndikudziphetsa dala kuti adani akule mphamvu. Ndinakhala mwezi osaitsegulanso.

Anthu akaluza amasaka womuloza chala, ndipo batani lonenezera amalidina ndi mkwiyo. Kusadziwa kuli kale ndi malipiro ake: umaluza, mulingo wako umatsika, umakasewera ndi a msinkhu wako. Chilango china pamwamba pake n'cha chiyani?

Mkulu wa Nsanja:
Nonse mukunena zoona, koma pali kusiyana pakati pa wolephera ndi wokana, ndipo kusiyanako kumaoneka munthu akaonera gemu yonse. Kampani ya Riot Games inayesapo kupereka milandu kwa osewera okhaokha mu gemu yake ya League of Legends, pa bwalo lotchedwa Tribunal lomwe linayamba mu 2011 n'kutsekedwa mu 2014. Oweruzawo ankawerenga zimene anthu analemberana ndi ziwerengero za gemu, moti wotukwana ankagwidwa mosavuta kuposa wowononga mwakachetechete. Valve, kampani yopanga Dota 2, inabweretsa njira ina m'gemuyo mu 2021: osewera ena amaonera kanema wa gemuyo n'kugamula ngati munthu anawononga dala. Palinso malikisi a khalidwe, omwe amafika 12,000, ndipo akatsika umakumana kwambiri ndi anzako a khalidwe lomwelo. Chimenechi ine ndimachikonda kuposa kutsekera munthu kunja.

A Kadzidzi, musanadine chilichonse, kaonereni kanemayo kuchokera kumbali ya munthuyo.

Kadzidzi:
Ndaonera, akulu, kawiri konse. A Nyenyezi, mwandiphunzitsa, sindidzatenganso kukhala chete kwa munthu ngati mlandu. Koma uyu nkhani yake ndi ina. Black King Bar anali atagula kalekale. Mpukutu woulukira, chida chomwe chikanamufikitsa kufupi nafe msanga, anali nawo, wosagwiritsa ntchito. Kamera yake inabwera pa ife kawiri tikuphedwa, n'kubwereranso ku tizilombo take. Ndipo pa mphindi 20, mnzathu wina atamulanda mdani yemwe iye ankafuna kumaliza, analemba kuti tiona mmene tiwinire popanda iye. Mawu amenewo ine sindinawaone nkhondo ili mkati.

Ndamuneneza tsopano, ndipo ndasonyeza mphindi yeniyeniyo kuti oonerawo asavutike kusaka. Akanakhala kuti anabwera n'kufa mopusa, bwenzi nditangomulembera kuti tidzayesanso mawa.