Gawo la agalu omenyana: tijambule bwanji Loweruka?

Dayirekita: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mu filimu yathu muli gawo la anyamata omenyanitsa agalu pobetcherana ndalama. Mwini agalu akuti tingowasiya alumane zenizeni kwa mphindi imodzi, ati m'pamene zioneke zoona. Mtima wanga ukukana, koma sindikufunanso gawo looneka lachibwana.

Wa kamera: Achimwene, musavomere. Pezani Amores Perros, filimu ya ku Mexico ya 2000, ya Alejandro González Iñárritu. Galu wa mnyamata wa mu filimuyo, Octavio, dzina lake Cofi, akalowa m'bwalo umachita kutseka maso. Komatu agalu aja sankalumana. Ankangolimbana ngati akusewera, kukamwa atawamanga ndi kaulusi kowedzera nsomba kosaoneka pa kamera. Wa kamera wawo, Rodrigo Prieto, anaika kamera paphewa, pafupi kwambiri, ikugwedezeka, moti diso silipeza mpata wofufuza mano.

Edita: Zoona. Ine ndinaonera magawo amenewo nditatsekeratu mawu, ndipo ukali wonse unachepa. Umaona msana, mchira, tcheni chikukokedwa, kenako nkhope ya Gael García Bernal, amene anasewera ngati Octavio, ili thukuta lokhalokha. Chimene chimakubaya mtima ndi kulira kwa galu ndi phokoso la obetcha. Mundipatse zidutswa zifupizifupi zambiri, makamaka nkhope za anthu ndi manja akuwerenga ndalama. Zotsalazo ndilumikiza ine.

Wa mawu: Kubuma ndi kulira ndikajambula padera, usiku kumudzi kwathu agalu akamalongolola. Pa seti musavutike nazo.

Mphunzitsi wa filimu: Ana anga, nkhaniyi si ya chifundo chokha ayi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dziko la Mexico linkatulutsa mafilimu ochepa kwambiri. Filimu ya Amores Perros, yomwe analemba Guillermo Arriaga, nkhani zitatu zokumana pa ngozi imodzi ya galimoto mu Mexico City, inapambana mphoto ya Critics' Week ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, inapikisana nawo pa Oscar, n'kudzatenga BAFTA, mphoto ya mafilimu ya ku Britain, mu 2002. Apo n'kuti dayirekita wina wa ku Mexico, Alfonso Cuarón, atatulutsa Y tu mamá también mu 2001, ndipo maso a dziko anali atatembenukira ku Mexico. Koma ku Britain kuli lamulo la 1937 loletsa kuonetsa filimu imene nyama inazunzidwa pojambula. Oyang'anira mafilimu kumeneko anafufuza za agaluwo, atakhutira anailola osadula kanthu. Akanalumana zenizeni, khomo limenelo likanatsekeka. Inunso mukufuna yanu idzapite kunja, si choncho?

Dayirekita: Ndamva, bambo. Nanga magazi?

Wa zodzoladzola: Uchi wosakaniza ndi kala yofiira ya makeke, achimwene. Galu akanyambita palibe vuto. Koma mupeze agalu okulira khomo limodzi, ozolowera kusewera okhaokha, ndipo dokotala wa ziweto akhalepo. Za kaulusi kukamwazo, ayambe waona iyeyo.

Dayirekita: Mlamu wanga ali ndi awiri a mimba imodzi. Ndimuimbira madzulo ano. Wa kamera, bwerani Lachisanu tidzawayese kaye.