Nkhani ya makina oswera nshawa: tigule kapena tiyembekeze a Pulofesa?

Wapampando: Abale, mwaswera bwanji. Dzulo ndinalankhula ndi a Pulofesa, mwana wa kwathu uja aphunzitsa za makina ku yunivesite ya UNZA ku Lusaka. Akuti ndalama tasonkha zija tisathamangire kugula sheller (makina oswera nshawa) ya m'sitolo, atipatsa ana asukulu awiri a chaka chomaliza apange yathu ngati project yawo, ife tigula chabe zitsulo, ma bearing ndi lamba. Maganizo anu.

Amai Zulu (Kapata): Awe a Chair, ine nakana. Ana asukulu aphunzirire pa ndalama zathu? Chigayo chija chinafa kalekale mpaka lero nkhuku zikuikira mazira m'kati, wokonza anangotenga deposit n'kusowa. Tigule chinthu chopangidwa kale basi.

aPhiri (Kitwe): Amai Zulu dekhani. Chigayo chinafa chifukwa sipeya yake sinali kupezeka kuno, ndiye nkhani yomwe a Pulofesa akukamba imeneyo. Makina opangidwa ndi angle iron ndi ma bearing ogula mu Chipata momwemo, welda aliyense wa pa Kapata akhoza kukonza. Ku UNZA kuli ngakhale nthambi ya TDAU, ntchito yawo ndi yomweyi yopanga makina a kumudzi, si zachilendo ayi.

Amai Zulu (Kapata): Inu muli ku Kopala, amene tiswa nshawa mpaka zala kutupa ndife

Msungichuma: Ine ndinali nawo pa foni ija, ndifotokozeko pang'ono. Anati vuto la ma sheller ambiri ndi mpata wa pakati pa drum ndi sefa ya pansi. Mpata ukachepa nshawa zisweka pakati, ukakula zituluka ndi makoko ake. Manje kwathu ena alima Chalimbana ya maso akuluakulu, ena MGV4 yochokera ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera, ena kambewu kang'onokang'ono kosungira ambuya, ndiye sefa imodzi siingakwanire zonse. Iwo afuna apange ya masefa atatu osinthasintha, komanso ayese liwiro la drum chifukwa ikathamanga kwambiri imaphwanya, ndipo nshawa yosweka wogula aidula mtengo, kubzala siimera.

Ankolo Banda: Chimene chandigwira mtima ine ndi cha madzi. Tonse tidziwa amai athu amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe, ena amatero kuti thumba lilemere, tisanamizane pano. Chinyontho chimenecho ndicho chibweretsa chuku ndi poizoni wake, aflatoxin ija, ndipo ogula ngati a COMACO amayang'anitsitsa zimenezo. Makina akamaswa zouma gwa, chizolowezi chowaza chitha chokha.

Amai Zulu (Kapata): Nanga malaiti? Mwaiwala 2024 madzi atachepa ku Kariba tinakhala tsiku lonse mu mdima?

Msungichuma: Ndinafunsa. Akuti ikhala yopukusa ndi manja kapena yopalasa ngati njinga, koma asiya pulley kuti tikadzapeza injini tidzangomanga lamba.

aPhiri (Kitwe): Eeh apo ndiye bwino

Amai Tembo: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku dimba. Ine funso langa ndi nthawi. Ana asukulu ali ndi mayeso awo, akamaliza atenga digiri n'kupita ku migodi, ife nshawa tikumba April ndi May, pofika July mavenda afika kale ndi meda zawo. Makina akabwera October tidzaswa chani? Ndipo abwere adzayesere kuno pamaso pathu, osati ku Lusaka ndi nshawa za mu msika wa Soweto. Azimai tidzapukuse tokha tione ngati chogwirira chake sichithyola msana, chifukwa amuna mupanga zinthu molingana ndi mikono yanu.

Amai Zulu (Kapata): Mwakamba zoona asisi. Ngati ndi choncho tipereke theka chabe, theka lina tikaona ndi maso. Ndipo welda wathu akhalepo pomanga kuti aphunzire.

Wapampando: Ndamva. Ndiwauza a Pulofesa atilembere tsiku lenileni ndi mtengo wa zitsulo tisanatulutse ngwee. Apemphanso nshawa zosaswa, mitundu yonse itatu, zokayesera masefa. Ndani atumize pa basi ya Lachisanu?

Ankolo Banda: Chalimbana ndili nayo thumba limodzi koma makoko mundibwezere, ndimayala m'khola la nkhuku