Mababu a LED amadyadi magetsi ochepa, nanga bilu ikukana kutsika bwanji?

Mphatso_k: Abale ndithandizeni, akuti mababu a LED amadya magetsi ochepa kuposa akale otentha aja, nde bwanji anthu ambiri akasintha bilu imangokhala pomwepo?

Nachisale22: Vuto si babu ayi achimwene, ndi ifeyo. Munthu ukangodziwa kuti kuyatsa sikukuwawanso mthumba umasiya nyali ya pakhonde usiku onse, mawa waika ina kuseri kwa nyumba, ina kubafa, zomwe unapulumutsa zija zabwerera momwemo.

Dalitso_M: Izizi si zalero. Katswiri wa zachuma William Stanley Jevons analemba mu 1865 ku Britain kuti injini za nthunzi zitayamba kudya malasha ochepa, makamaka zomwe anakonza injiniya James Watt zija, malasha anayamba kutha ambiri kuposa kale chifukwa mafakitale ochuluka anaona kuti tsopano kuyendetsa injini kwatchipa.

Tiya_wa_mawaya: Komatu musawaopseze anthu, pakhomo sikuti zonse zimabwerera. LED ya mawati 9 imawala ngati babu yakale ya mawati 60 ija, olo muyatse maola owirikiza mukupindulabe. Chimapweteka ndi pamene ndalama yotsalayo mwakagulira hita kapena firiji yachiwiri.