Peugeot 504 ya malemu bambo: ndiike injini ya Toyota kapena ndikonzetse yake yomweyi?

Wa ku Chilomoni:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru, mutu waima. Bambo atatisiya anandisiyira Peugeot 504 ya saluni, ya petulo, injini yake ija ya 1971 cc, ndiye yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba zaka zinayi. Mwezi watha tinailiza koma ikufuka utsi ndipo oilo akuoneka ngati tiyi wamkaka. Makaniko wina akuti tingoichotsa tiike ya Toyota ya ma injekita, akuti sipeya ali mbwee ku Limbe komanso izimwa mafuta pang'ono, koma mtima ukukana chifukwa kulira kwa injini imeneyi ndi komwe tinkadziwira kuti bambo afika, asanagogode ndi pageti pomwe. Ndipange bwanji?

Madala a pa galaja:
Pepani ndi imfa ya bambo mwana wanga. Ine ma 504 ndawagwira kuyambira ndili sipanala boyi ndipo ndikuti musataye injiniyo musanaitsegule. Ma silinda ake ndi ma silivu ochita kuzula, madzi amazungulira kunja kwake, ndiye oilo wa mkakayo mwina ndi gasiketi ya hedi kapena ma silo a pansi pa ma silivu atha basi. Ubwino wake sufuna kubowa buloko, umangogula ma silivu ndi ma pisitoni ndi ma ring'i pamodzi, kuika, injini nkubwerera unyamata. Chomwe muonetsetse ndi hedi, ndi ya aluminiyamu, ikatenthapo kwambiri imapindika, ndiye aiyeze kaye asanaipale.

Za Toyotazo anzanu sanakuuzeni zonse. Injini ya 504 inagonekedwa chammbali madigiri 45 kuti boneti ikhale yotsika, ya Toyota ndi yoimirira, ndiye muyamba kulimbana ndi boneti, sampu kugunda chitsulo cha pansi, ma mawunting'i kuwotcherera ena. Chachikulu ndi kumbuyo, propu shafiti ya 504 imayenda mkati mwa chipaipi chomangidwa ku giya bokosi mpaka ku difu, ukasintha giya bokosi zonsezo uyambanso kupanga zachilendo ndipo ndaonapo galimoto zikunjenjemera moyo wake onse chifukwa cha ntchito imeneyi.

Mayi wa ku Area 25:
Madala akunena zoona koma tiyeni tinenenso mbali inayo. Amuna anga anali ndi pikapu ya 504 yonyamulira chimanga, tinakonzetsa injini yake kawiri, vuto silinali makaniko koma sipeya, tinadikira miyezi kuti wina atibweretsere kuchokera ku Tanzania ndipo zina zinabwera zosalowa. Mapeto ake tinaika 4Y ya mu Hiace, ya kabyuleta yopanda kompyuta, inatitumikira ndithu. Ndiye achimwene funso nlakuti galimotoyi mukufuna izikudyetsani tsiku ndi tsiku kapena ndi yoyendera Lamulungu ndi pa maukwati? Komanso mukasintha musaiwale kupita ku Road Traffic akasinthe nambala ya injini pa blue book, apo ayi muvutika pa COF.

Madala a pa galaja:
Mayi, 4Y ndiyomveka, koma iwowa akuuzidwa za ma injekita, kutanthauza kompyuta bokosi, pampu ya petulo ya mphamvu, mawaya onse atsopano pa galimoto yomwe mawaya ake ndi okalamba kale. Sipeya naye sanatheretu, ku France anasiya ma saluni mu 1983 koma ku Kenya anapitiriza kulumikiza 504 mpaka 2004, ku Nigeria mpaka 2006, ndiye katundu alipo, kungofuna munthu wodziwa nambala ya chomwe akuitanitsa. Mutenge chakalecho m'manja poyerekeza.

Wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri madala, zikomo mayi. Yopitira ku ntchito ndili nayo ina, iyi ndikufuna ndiziwatengera amayi ku tchalitchi ndi kumudzi ku Ntcheu ngati mmene bambo ankachitira. Loweruka titsegula hedi tione, ndidzaika zithunzi pano. Madala, ma silivuwo tingawazule injini ili m'galimoto momwemo kapena mpaka titsitse yonse?